Wodutsa ndi Beseni

Mlongo wanga ali ndi ana atatu, koma womusambitsa ndi mmodzi, wamkazi, uja timangomuti Telala. Chiyambire bambo ake matenda oiwalaiwala, adachotsa makina ake osokera ku shopu n'kuwaika pakhonde, kuti khutu lina lizimva singano, lina chifuwa cha nkhalamba. Thewera ndi iye, ndevu ndi iye. Mwamuna amene ankamufuna adatopa n'kuima pageti, pano akulera ana kwina. Telala sankapempha zikomo. Ankangofuna bambo ake azimudziwabe kuti ndi mwana wawo.

Achimwene ake awiriwo? Wamkulu msana umamupweteka akangomva za bafa. Wamng'ono amajambula makatuni, tizithunzi toyenda tija. Ameneyo adabwera, n'kudzikhazika pampando, mwendo pamwamba pa unzake.

"Achemwali, tawatembenuzaninso, sindinaone bwino."

"Bwera ugwire mwendowu, uona bwino."

"Aa, m'manjamu muli pensulo."

Kanema wake adatuluka, wamfupi, amatha madzi a tiyi asanawire. Muli nkhalamba ya chipewa ngati cha mlongo wanga, anyamata awiri akuisambitsa, akuimeta, misozi chuchuchu. Wamkazi alimo, eetu: amangodutsa ndi beseni, nkhope osaoneka. Akuti anthu adawomba m'manja. Manja osadziwa kulemera kwa thewera lonyowa!

Choipitsitsa n'chakuti Telala adawaonetsa bambo ake pa foni, ati aseke. Nkhalamba idazindikira chipewa chake, n'kukhulupirira zonse. Nkhope ya mwana wake idaiwala, kanemayo ayi. Pano sidya, sivula malaya, mpaka amuyatse kanemayo.

Ndidamuuza Telala, "Mufufute kanemayo, mwana iwe."

"Ndikamufufuta, azakhali, pakamwa pawo muzidzatsekula ndinu?"

Dzulo ndidawapeza foni itatsamira botolo la mankhwala, Telala ali ndi supuni m'manja. Mlongo wanga akuloza foniyo, kunyada konse.

"Waona anyamata angawo? Sandisiya ndekha ayi."

Kenako adamuyang'anitsitsa Telala, chifundo chitamugwira.

"Nanga iwe mtsikana, ukungokhalira kwa eni kuno, bambo ako akuwasamala ndani?"

Telala adawapukuta chibwano, n'kumuyambitsanso kanema uja.

"Ali ndi anyamata awo," adatero. "Yasamani."