Ngalawa ya a Namakhwa pa Khoma la Laimu

Ndikakumbukira a Namakhwa, ndimamva fungo la pensulo yongosongoledwa kumene litasakanikirana ndi utsi wa mafuta a mandasi. Tinkakhala mpanda umodzi ku Chemusa, ndipo m'mawa uliwonse mkuluyu ankakhala pakhonde, thabwa pamiyendo, n'kumajambula ngalawa za matanga pa mapepala a matumba a simenti, uku mpongozi wawo, mayi a Esnati, akukazinga mandasi ogulitsa kumsewu.

Ngalawa ku Chemusa! Madzi amene tinkawadziwa ife anali a m'ngalande ndi a pampopi. Anthu ankawaseka. Koma a Namakhwa, amene anakalamba akulemba zikwangwani za magolosale, ankati akukonzekera chithunzi chimodzi chachikulu cha penti: ngalawa imene bambo awo ankagwiramo ntchito ku Mozambiki asanathawire kuno. Iwo sanaionepo. Anangoimva pakamwa pa bambo awowo, ndiye ankajambula, kufufuta, kujambulanso, maso nawo akunka nachita chifunga.

"Penti safufutika," ankatero. "Thanga likakana mphepo pa pensulo, pa penti silingaigwire."

Tsiku lina amayi anandituma mandasi. Pofunyulula pepala ndinaona ngalawa itanyowa mafuta, thanga lake litang'ambika pakati. Ndinathamanga nalo kwa a Namakhwa. Analiyang'anitsitsa, analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi katoni yosungiramo zojambula zawo. Inali yopanda kanthu.

"Mayi a Esnati, mapepala anga aja?"

"Ababa, nyuzi zinandithera. Makasitomala ndiziwapatsira m'manja? Komanso ankangoitana mphemvu."

Mtima unandiwawa, ndipo umandiwawabe. Ndinkati a Namakhwa akalipa. Ayi ndithu. Anasongola pensulo ndi lezala, anaima moyang'ana khoma lakutsogolo lopakidwa laimu, n'kukoka mzere kuchokera pakhomo mpaka pawindo.

"Ababa, a landilodi adzati chiyani?"

"Adzanena zawo. Khomali ndione ngati mukulungiremo mandasi."

Anajambula chilimwe chonse, mphuno itagunda khoma chifukwa cha maso aja. A landilodi anabweradi, kulalata mpaka ana tinathawira kuseri kwa bafa. A Namakhwa sanatembenuke n'komwe.

"Mudzapake laimu ndikafa, achimwene. Panopa mukundiphimbira dzuwa."

Penti sanafike pomugwira. Maso anasiyiratu kuona thanga litangotha, ndipo chaka chotsatira tinawaika m'manda. Maliro asanazizire, a landilodi anatumiza ndowa ya laimu. Koma laimu akanyowa amaonetsa zamkati. Mvula iliyonse ikamenya khomalo, ngalawa ija inkatulukira, thanga litafufuma, ndipo mayi a Esnati ankapitira kukhomo lakuseri ndi beseni lawo la mandasi kuti asaione.

Lero ndimasoka zovala ku Ndirande, ndipo sindidula nsalu ndisanajambule diresi papepala. Wofulumira apite kwina. Pepala la mafuta lija lili pamwamba pa makina anga. Mwana wanga anafunapo kuyatsira mbaula, ndinamuuza kuti ayambe wandiika m'manda.