Chimangirizo Chokulungira Zitumbuwa

Ena ndikawafotokozera amati ndikuthira mchere, koma ine ndine munthu wa mpingo, imvi zili mbuu, ndinamirenji pa msinkhu uno? Zimenezi zinandichitikira ineyo ndili mphunzitsi wa Sitandade 8 pasukulu ina ya mishoni kumapiri a ku Dowa, ndipo ena amene analipo tsikulo akadali moyo, kungoti sinditchula dzina la munthu.

Inali nthawi ija riferendamu itangodutsa, chisankho chisanachitike. Pa wailesi ankati tsopano aliyense ali ndi ufulu wolankhula, ndipo ine, magazi akadali otentha, ndinazitenga zenizeni. Komatu ufuluwo unali utatsikira m'tauni, kwathu kuno basi yake inali isanafike. Atcheya a chipani chakale anali akadali atcheya, anyamata awo akuyendabe modzitukumula, ndipo munthu akafuna kutchula za matipate, ndale za zipani zambiri zija, ankayamba wacheuka kaye.

Tsiku lina ndinapatsa ana chimangirizo choti aliyense alembe chinthu chimene akufuna chisinthe m'dziko muno. Aphunzitsi aakulu ataona mutuwo pa bolodi anandikokera pambali nkundinong'oneza kuti bwanji osangowapatsa wa ulendo wa kumsika monga mwa nthawi zonse, ine nkuwayankha mwamatama kuti sukulu imene mwana saloledwa kuganiza ndi khola la mbuzi. Ana ambiri analemba za milatho ndi feteleza. Koma mtsikana wina wofatsa, wokhala benchi yakumbuyo, analemba za bambo ake, kuti ananena pamsika wa fodya kuti sikelo ikubera alimi, ndiye patapita masiku awiri kunabwera galimoto kudzawatenga, ndipo mpaka lero amayi ake sakudziwa ngati amete maliro kapena adikirebe. Anamaliza nkuti akufuna dziko limene munthu akanena zoona amagona kwawo. Abale, ndinawerenga katatu, misozi ikulengeza, kenako ndinatenga cholembera chofiira nkulemba pansi pake kuti wanena zoona, usaleke kulemba, ndipo ndinasainira bwinobwino monga timachitira tikachonga.

Tsono apa mpamene panalowa tsoka. Mayi a kunyumba ankagulitsa zitumbuwa tsiku la msika, ndipo mukudziwa kuti mkazi wa mphunzitsi sasowa pepala lokulungira, amangothothola m'makope akale. Akalewo ankakhala m'katoni, ndiye ine mwaulesi wanga ndinasanjika atsopano ndachonga aja pamwamba pa katoni yomweyo. Iwo anangotenga lapamwamba, chikuto chimene chinali ndi dzina la mwana nkukolezera moto, mapepala ulendo wa kumsika. Ndipo mwa anthu onse a m'dera lija, mukuganiza kuti anagula zitumbuwa za pepala limenelo ndani? Atcheya.

Lolemba m'mawa, ndili pakati pophunzitsa masamu, ndinamva galimoto ikuima pabwalo. Atcheya analowa osaodira, anyamata awiri pambuyo, m'manja muli pepala lija lili noninoni mafuta, koma inki yofiira ikuoneka ngati yalembedwa lero. Anandifunsa ngati siginecha inali yanga, ine nkuvomera, pakuti ndikanakana bwanji? Kenako anati iwo alibe nane mlandu waukulu, ndingowauza mwana amene walemba kuti akacheze ndi amayi ake, basi nkhani yatha. Kucheza kwake tonse tinkakudziwa. Mtsikana uja maso anali pa desiki, ndipo ndikuuzeni zoona, dzina lake linafika pa lilime penipeni, moti ndinalimva kukoma ngati madzi kwa munthu waludzu. Sindikudziwa chinandigwira pakamwa nchiyani, ndinangoti ana ndi ambiri, ndaiwala. Atcheya anaseka nkunena kuti palibe kanthu, ndikakumbukira m'njira.

Anandikweza kumbuyo, mnyamata uku mnyamata uku, galimoto nkulowa msewu wolowera cha ku Dzaleka. Inu ana a masiku ano mumangodziwa kuti kumeneko kuli anthu othawa kwawo, koma ife tinkakudziwa ngati ndende yotsekerako anthu otsutsa boma. Njira yonse ndinkangoganiza za ana anga awiri ndi mayi awo amene mwina nawonso adzasowa chochita, kumeta kapena kudikira. Matama aja a khola la mbuzi anali atathawa kalekale.

Koma galimoto inakhota nkuima pa sitolo zina pamene anthu anali atawasonkhanitsa kale kumsonkhano wa chipani. Atcheya ankafuna ndikhale chitsanzo. Anandiimika kutsogolo nkuuza anthu kuti amve okha poizoni amene aphunzitsi a matipate akumwetsa ana awo, ndipo anandipatsa pepala lija kuti ndiwerenge mokweza. Eee, kulakwitsa kwake kumeneko! Ndinayamba kuwerenga, ndipo nditafika pa za sikelo ndinamva abambo ena akung'ung'udza, ndipo nditafika pa za kumeta maliro panalibe ngakhale wotsokomola. Mantha anandichoka pang'onopang'ono, chiganizo chomaliza ndinachiwerenga ngati ndili pa guwa.

Atcheya anafunsa anthu kuti popeza mumadziwana, nyumba imene ikunenedwa m'pepalali ndi ya yani? Mayi wina wachikulire anadzuka, nkugwada mwaulemu wonse, nkunena kuti atcheya akhululuke, koma mwina walembayo ndi mdzukulu wawo, chifukwa nawonso mwana wawo anakwera galimoto yotereyi. Asanakhale pansi mayi wina anati ayi, mwina ndi wa kwawo. Bambo wina kumbuyo anati mchimwene wake nayenso, wina mlamu wake, mpaka anthu anayamba kulankhula onse pamodzi zinthu zimene anazisunga m'mimba zaka ndi zaka. Mnyamata amene anandigwira mkono ndinangomva wandisiya, nkhope wazolika. Wina anakuwa kuti aphunzitsi awerengenso, amayi nkuyamba nthungululu, ine thupi lonse tsembwe. Atcheya anatseka msonkhano popanda ndi pemphero lomwe, nkukwera galimoto yawo kundisiya pomwepo. Ndinabwerera wapansi mtunda wonse uja, njala ili m'mimba, koma ndikuimba nyimbo za kwaya ngati woledzera.

M'mawa mwake mtsikana uja anabwera ndi kope latsopano, sananene zikomo, anangondifunsa kuti mutu wa sabata ino ndi wotani.

Lero ndimakhulupirira kuti sindinapulumuke chifukwa cha kulimba mtima kwanga, chifukwa galimoto ija ikanapitirira osakhota, sindikudziwa ngati lilime langa likanapirira. Anandipulumutsa ndi anthu amene analeka kukhala chete tsiku limodzi. Tsono inu aphunzitsi ndi makolo, mukadzamva wina, kaya wa chipani chiti, akuuza ana zoyenera kulemba ndi zosayenera kufunsa, musati zija zinapita, chifukwa zimayamba choncho, ndi munthu mmodzi wofuna dzina limodzi lokha. Ine dzina lija sindinalitchule tsiku limenelo, ndipo ngakhale inu sindikuuzani.