Lamlungu la Mtengo Wotsika

Ndili kunja, ku Newcastle, ndinkagwira ntchito yoyankha makasitomala pakampani ina ya mafoni a m'manja. Anthu akamadandaula kuti sakutha kuimba, ndinkawapepesa ndi Chingerezi cha kusukulu ya kwathu, n'kuwauza zimene anatiphunzitsa: netiweki yadzaza, ofuna kuimba mosavuta aziimba nthawi yodula, pamene oimba amachepa. Ena ankanditukwana. Ine ndinkangoti zikomo.

Kwathu kumudzi nsanja ya netiweki inali imodzi yokha, pafupi ndi msika. Chaka chimenecho kampani ya kumeneko inatsitsa mtengo woimbira Lamlungu, ndipo tsikulo aliyense ankaimba, ngakhale wopanda nkhani.

Lamlungu lina masana mlongo wanga wamng'ono anandiflasha. Ndi mmene tinkachitira: iye aziliza foni n'kudula, ine ndiziimba. Kenako kunabwera uthenga woti bambo agonekedwa m'chipatala, akufuna kulankhula nane.

Ndinagula khadi loimbira kunja pashopu ya pakona n'kuyamba kuimba. Mawu a m'makina ankangoti ndiyesenso nthawi ina. Ulendo wina foni inalowa, ndinamva mlongo wanga akuti, "Achimwene, dikirani ndiwapatse," basi n'kuduka.

M'nyumba imene ndinkakhala munalinso bambo wina wachikulire, Mmalawi mnzathu, amene ankadikira mapepala ake omuloleza kukhala m'dzikomo. Anandipeza nditakhala pamasitepe.

"Mphwanga, uthyola mabataniwo. Bwanji osaimba pafoni yapansi ya kumishoni, uthenga akaupereke?"

"Inafa kale, akulu. Anthu atagula za m'manja palibe ankaikonzanso. Mawaya anaba."

"Nanga ija ya pakompyuta, amaimbirana ana a sukulu?"

"Kumudzi kompyuta, akulu?"

Anaseka pang'ono, kenako anasiya. "Anthu m'boma lonselo akufunsana za mpira ndi ndiwo, iwe bambo ako ali pabedi. Zotchipa zimenezo."

Anandibwereka foni yawo ya kampani ina, koma sizinathandize. Vuto silinali kuno ayi. Ndinaimba mpaka makadi m'shopu muja anayamba kundipatsa osafunsa.

Lolemba m'mawa mtengo utabwerera pakale, foni inalowa ulendo woyamba, mawu akumveka bwinobwino.

"Achimwene," anatero mlongo wanga, "asiya kulankhula. Dzulo lonse ankangofunsa kuti mwaimba? Koma akumva. Ndiika foni pakhutu pawo."

Ndinamva kupuma kolemera, ndi phokoso la ndowa penapake m'wodimo. Ndinawapatsa moni monga ndinkachitira ndili mwana, ndinawauza kuti ntchito ikuyenda, kuti ndimapita kutchalitchi. Kenako ndinafunsa kuti, "Bambo, mumafuna kundiuza chiyani?"

Anangopuma.

Mlongo wanga atatenganso foni ndinamufunsa ngati anamusiyira mawu.

"Ndinawapempha kuti andiuze, ndikuuzani. Anakana. Anati ndi zoti mumve nokha."

Anamwalira sabata lomwelo. Ndafunsa amayi, ndafunsa amalume, palibe amene akudziwa chimene ankafuna kunena.