Diresi la Mphakati Wathu

Mayi Nabanda, ndikufunseni anthu akumva: diresi la ukwati lija linali lanu?

Tinaligula ndife amayi a mphakati wathu ku Kaphuka, titakumba mbatatesi m'minda ya eni mpaka zikhadabo kutha. Ndani mwa ife akanagula yekha chovala cha tsiku limodzi? Tinapangana kuti mwana wa aliyense akamakwatiwa kutchalitchi azivala lomwelo. Inu tinakusungitsani poti ndinu apampando, komanso munali ndi sutikesi yokiya. Ine yanga inali kuchapa ndi kusita.

Ana a anzanga ndinawasitira onse. Lusiya wanga, mwana mmodzi yekhayo, ankandipemerera makala a simbi, n'kumadziyeza diresilo pachifuwa. "Amayi, tsiku langa lidzandikwana?"

Tsiku lake linafika chaka chija tinayamba kuvotera zipani zambiri. Lachisanu m'mamawa, ukwati uli mawa lake, ndinali kwanu kudzatenga diresi. Munati kiyi wapita ndi amuna anu kudimba. Ndinakhala pakhonde, mphepo ya Juni ikundilowa m'mafupa. Amuna anu anabwera masana, kiyi sakumudziwa. Dzuwa litapendeka m'pamene munaulula, maso ali pansi, kuti diresi lapita ku Linthipe. Mwana wa mwini golosale akukwatiwanso mawa lomwelo, ndipo alipira.

Ndinati nanga Lusiya? Munati, "Iii, Nachisale, masiku ano ndi ufulu. Ukwati si diresi, bola ansembe adalitse."

Ufulu wogulitsa thukuta lathu? Mwana wapagolosaleyo anakumbako mbatatesi liti?

Lusiya anakwatiwa atavala bulauzi ya kwaya ndi chitenje changa. Iye sanalire, ndinalira ndine. Wojambula atafika, Lusiya anamubweza. "Musavutike, amayi, ana anga ndidzawaonetsa chiyani?" Mpaka lero m'nyumba mwake mulibe chithunzi cha ukwati.

Lachiwiri munanditumizira diresi lija, lili mafuta a nyama okhaokha, matope kumpendero, kuti ndichape monga mwa masiku onse. Manyazi anakutherani? Ndinafuna kuliponya pamoto. Koma Loweruka linalo ankakwatiwa mwana wa Nagama, mnzanga amene tinkakumba naye mzere umodzi. Ndinachapa. Ndinasita, makala ndikupemerera ndekha, misozi ikugwera pasimbi.

Inu amene mukusonkherana kugula chinthu cha gulu, muyambe mwamuona bwino amene mukumupatsa kiyi. Ndipo inu Mayi Nabanda, yankho ndikulidikirabe: mwana wanga anakulakwirani chiyani?