Mbewa Zanga ndi Amalume

Nditapita kwathu ku Kapondo patchuthi, amalume anandiitanira pabwalo pomwe abale ankaswa mtedza. Ankafuna ndifotokoze ntchito ya kafukufuku yomwe ndimagwira kunja.

Ndinawauza kuti timasunga mbewa zoyera zodwala khunyu. Timazigonetsa ndi mankhwala, n'kuika m'mutu kachipangizo kochepa ngati njere ya mtedza, kopanda waya. Mbewayo ikadzuka imayenda bwinobwino, ndipo ikamagwa, kachipangizoko kamatumiza ku kompyuta zomwe zikuchitika mu ubongo.

Onse anaseka chikhakhali.

"Sukulu yonse ija, mapeto ake mbewa?" anatero amalume. "Kuno timangokumba n'kudyera. Ndiponso zolowetsa zinthu m'mitu ya zamoyo anthu aziti ndi ufiti. Usiye, usatichititse manyazi."

Mng'ono wanga anali pomwepo, atabisa dzanja lake lopsa m'chitenje. Ali mwana anagwera pamoto matenda omwewa a khunyu atamugwira, ndipo anthu anachedwa kumuchotsa poopa kuti awapatsira. Sukulu anasiyira pomwepo.

Ndinagwada monga mwa mwambo, koma mawu sindinatsitse.

"Amalume, khunyu ndi matenda a mu ubongo, ndipo sapatsirana. Inu munayenda naye mwanayu kwa asing'anga mpaka ku Zambia, ine sindinakusekeni. Nanenso ndikumufunira chithandizo m'njira yanga. Onena za ufiti azinena, ine sindisiya."

Amalume ananyamuka n'kuchokapo, ndipo sanandilankhulenso mpaka tchuthi chinatha. Tsiku lobwerera, mng'ono wangayo anandiperekeza kokwerera minibasi, n'kundipempha kuti ndikafika ndimutumizire chithunzi cha mbewazo pafoni.