Netiweki Yagwa

Lero andiyendetsa mpaka ku Lirangwe, ati ndikakonze netiweki ya muofesi ina. Nditagwada kuseri kwa tebulo, fungo la fumbi lotentha landibwezera ku Chileka, m'kashopu ka amalume.

Anali ndi makompyuta atatu ndi pulinta imodzi. Chilichonse chinali ndi chingwe chake chabuluu chopita ku kabokosi kophethira timagetsi, ndipo amalume ankati makinawo amauzana zinthu kudzera mmenemo. Tsiku lina pulinta inakana kutulutsa kalata ya mayi ena ofunsira ntchito ku bwalo la ndege.

"Netiweki yagwa," anatero amalume.

Ine ndinkadziwa kuti chinthu chikagwa umatola. Ndinakwawira kunsi kwa tebulo, n'kupezadi chingwe chimodzi chili pansi, chazuka pa kabokosi.

"Amalume, ndaipeza. Yagwera apa."

"Choka apo iwe, akugwira magetsi. Yaidula ndi ndege yadutsa ija."

Ndinalira ndi mkwiyo. Mayi aja anadikira mpaka dzuwa kupendeka, n'kubwerera chimanjamanja.

Leronso chingwe ndachipeza pansi, eni ofesi ali chilili, ati ndi mitambo. Akuluakulu, chinthu chikagwa, amakachifuna kumwamba.