Mbande Zisanu Zimene Ndinabisa

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi alamu anga, a Zulu, amene ankayendetsa thalakita pa famu ya mitengo kufupi ndi Jumbe. Pafamupo ankadzala bulugamu, mtengo wochokera kunja, kuti azidzagulitsa mapolo. Ine anandiika ku nazale: kusefa dothi, kudzaza timachubu, kuthirira ndi keni dzuwa lisanakwiye.

Mitengo imeneyo inkandisowetsa chonena. Mupani wathu umakula ngati ukuchita manyazi, koma bulugamu chaka chimodzi chokha wandipitirira mutu!

Kapitao wathu, a Mwale, anali ndi lamulo: "Mbande ikafota, pamoto. Osaimvera chisoni." Koma ine ndine mwana wa mlimi. Kwathu mbewu sititaya, timapachiza nayo pamene sipanamere. Choncho tsiku lina ndinabisa mbande zisanu zofota, n'kukazipachiza m'mipata ya mzere wakumtunda. Ndinkadziona wanzeru, ine.

Mvula itagwa miyezi iwiri, mitengo inayamba kufota kuchokera pamzere womwewo, kutsetsereka motsatira madzi. Masamba ali lende, ngati wawathira madzi otentha. A Mwale anadula tsinde limodzi ndi chikwanje, mkati muli bii. Anatenga kachidutswa n'kukaviika m'botolo la madzi oyera. Tonse tinaunjikana. Posakhalitsa, m'kamtengomo munayamba kutsika kaulusi koyera ngati mkaka, pang'onopang'ono, osaduka. Mayo ine! Sindinkadziwa kuti matenda ungawaone ndi maso akuyenda.

"Mwawaona?" anatero a Mwale. "Mitengo iyi ndi nthambi zodulidwa ku mtengo umodzi, mayi wake ndi mmodzi. Ukadwala umodzi, yonse ili panjira." Kenako anatembenukira kwa alamu anga. "Munalima mzerewu ndinu, a Zulu. Pulawo simunatsuke, ndiyo yabweretsa matendawa. Kasiyeni makiyi ku ofesi."

Alamu anangovula chipewa, munthu wa ana anayi. Pakamwa panga panatseguka pokha: "Ndine, a kapitao. Ndinapachiza mbande zofota."

A Mwale anandipatsa khasu ndi machesi. Masiku atatu ndinazula ndi kutentha mitengo imene ndinailera ndekha, misozi ndikunamizira utsi. Ntchito ya alamu inapulumuka, yanga inathera pomwepo, ndipo sindinatsutse.

Mpaka lero ndikakumana ndi munthu atamanga mbande pakaliyala wa njinga, ndimamuimitsa, kaya ndikumudziwa kaya ayi. Ndimamufunsa kumene wazitenga, ndipo ndimayang'ana mizu ndisanamusiye apite.